Zimene Sindinanene pa Kamera Pakasupe

Senderani kuno nonse, ana inu, mafoniwo muwavundikire pamphasapo. Dalitso, leka kutsegulatsegula firiji, magetsi anapita m'mawa, mulibe chozizira mmenemo. Tiyamike, iwe khala pafupi, chifukwa nkhaniyi wayiputa ndiwe.

Dzulo munandionetsa filimu ija kachitatu. Munaomba m'manja nditatulukira ndi jekete yanga yakutchalitchi, wina mpaka kukuwa kuti, "Agogo ni ba stala!" Tiyamike akuti aphunzitsi ake ayiika pagulu la mafilimu amene mwana aliyense ayenera kuonera, pamodzi ndi akunja aja oonetsa mizinda ikumira ndi nkhalango zikupsa. Akutinso ndikalankhule kusukulu kwawo Lachisanu, monga nkhalamba yokonda chilengedwe. Ndinakuyankhani kuti mutu ukundiwawa, ndinakagona. Mutu sunkawawa ayi. Ndinachita manyazi, ndipo lero mumva chifukwa chake.

Ine kuno ku Chongwe sindinabadwireko. Ndinachokera ku Katete ndevu zikungomera kumene, pamwamba pa lole yonyamula mtedza, ine ndi agogo anu aakazi, malemu Esitere, titangokwatirana. Katundu wathu anali mphasa, mphika, khasu ndi nkhwangwa yopanda mpini, chifukwa atate anati mpini ukasema komweko. Inu masiku ano mumakwera basi ku Chipata m'mawa, madzulo mwafika, nkumadandaula kuti mpando sunagone bwino. Ife tinagona panjira kawiri. Pamapiri a Manenekera lole inkafuna kubwerera chambuyo, amuna tonse kudumpha kukatsekera miyala kumateyala, Esitere atatseka maso akuimba nyimbo yakutchalitchi mawu akunjenjemera.

Eni dziko lino, Asoli, anatilandira natipatsa malo. Woyandikana nafe anali Aroni, Msoli wamtali, wosalankhula zambiri, wamkulu kwa ine pang'ono. Tsiku lachitatu ndinamuuza kuti ndikufuna mtengo wa mpini. Anati tiye. Tinadutsa pamene pano pali mipanda ya mabuloko ndi mathanki obiriwira aja. Nthawi imeneyo panali mitondo ndi miombo yokhayokha, munthu akalowa mapazi makumi awiri sumamuonanso. Tinatsetsereka kuseri kwa phiri mpaka pamalo amene ankati Pakasupe, pamene kamtsinje kathu kankayambira ulendo wake wokathira mu Chongwe.

Ana inu, malo amene munaona mufilimu ali mchenga ndi mapepala apulasitiki aja, munali mdima masana dzuwa lili paliombo. Mikuyu ikuluikulu, katope, mizu itapiringizana ngati zala. Madzi ankatuluka pansi pa mwala, ozizira mpaka mano kuwawa. Ndinaona nthambi yowongoka bwino, ndinayigwira. Aroni anandigwira mkono.

"Apa sitijuba," anatero m'Chinyanja chake chakuno, kutanthauza kuti apa sitidula. "Olo mpini. Tiye kumwamba, nizakupezera."

Ndinamvera, ndipo ndinamvera zaka zambiri.

Tinkadya bwino kuchokera m'thengo limenelo. Mvula ikangogwa, Esitere ankabwera ndi lichero la bowa, wina waukulu ngati chipewa cha mlonda. Masuku tinkatola mpaka kuwasiyira anyani. Kunali matondo, aja inu mumati vinkubala nkumakwinya nkhope, chonsecho mumadya tizakudya tam'mapaketi tosadziwika amene anatiphika. Aroni ankafula uchi ndi utsi wa udzu, osadula mtengo. Atate anu ali ana ankagwira nkhanu Pakasupe nkumabwera zala zili magazi, akuseka. Mukawafunsa lero adzakana, poti amavala tayi.

Makala ndinayamba chaka china chimene chimanga chinapserera chisanamasule. Lusaka inali ikukula, ndipo nyumba iliyonse inkafuna malasha, monga amanenera m'tauni. Aroni ndi ine tinaphunzira limodzi. Umadula mitengo, nkuiduladula zipika, nkuzisanja mothinana, nkufunditsa udzu, pamwamba nkukwirira ndi zibuma zadothi, nkusiya kabowo koyatsira. Uvuni umafuna kuulondera ngati wodwala. Ukaboola penapake osaona, moto umapuma mpweya, m'mawa umapeza phulusa lokhalokha. Tikafukula, matumba atatu panjinga, tambala woyamba tili pamsewu waukulu, kukankha pokwera, kugwira mabuleki ndi chidendene potsika. Pobwerako miyendo inkachita ngati yobwereka.

Pamenepo sindichita napo manyazi kwenikweni. Inali njala, ndipo munthu wa nkhwangwa samaliza nkhalango. Amatopa, nkhwangwa imabuntha, mvula imabwera, amabwerera kumunda, zitsa nkuphukira.

Manyazi anga akuyambira pa makina. Famu ina cha ku Kasisi inkagulitsa katundu wake, ndipo ine ndinagulako makina odulira mitengo, aja olira ngati njinga yamoto. Kuno ndinali woyamba kukhala nawo. Anthu ankabwera kudzangoonerera. Mtondo umene tinkalimbana nawo theka la tsiku unkagwa munthu asanamalize kusuta fodya. Njinga ndinaisiya. Lole inayamba kubwera yokha kuchokera ku Lusaka, ndipo ndinali ndi amuna ondigwirira ntchito, Aroni ali kapitawo wawo. Malata a nyumba yakale ija anachokera mmenemo. Sukulu ya atate anu ndi azakhali anu inachokera mmenemo. Sindikunena kuti musenze nawo mlandu, ayi. Ndikungofuna mudziwe chimene chinakulerani.

Sipanapite zaka zambiri, phiri lonse linameteka. Unkaima pakhomo panga nkuona magalimoto pamsewu waukulu, zimene kale zinali zosatheka. Ine ndinkati ndi chitukuko. Panatsala chigamba chimodzi chobiriwira, Pakasupe.

Woyendetsa lole anabwera nanena kuti akapanda kudzaza sabata imeneyo, azikatenga kwina. Madzulo ake ndinauza Esitere maganizo anga okadula mitengo ya Pakasupe. Anali akusenda nyemba, sanadzutse nkomwe mutu.

"Atate ake a Yosefe, madzi tizikatunga kuti?"

Ndinati madzi amachokera pansi, sachokera m'masamba. Ndinayankhula ngati munthu wophunzira, ine amene ndinalekezera Sitandade 4.

M'mawa tinatsetsereka ndi amuna anga. Titafika, Aroni anatula nkhwangwa yake pansi.

"Ba Phiri, apa ninakuuzani kudala."

"Unandiuza nthawi ya njala ya mpini," ndinatero. "Pano tili pantchito."

"Ni pamene tikumwa. Ana banu na banga."

"Ngati ukuopa mizimu ya agogo ako, pita kunyumba. Ine ndine Mkhristu."

Mawu amenewo ndinawanena pamaso pa anyamata, ena anaseka. Aroni sanatchule mizimu, anatchula madzi, koma ine ndinafuna kumuchepetsa kuti ndisamve zimene ankanena. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anatola nkhwangwa yake, nakwera phiri. Kuyambira tsiku limenelo sitinadyerenso mbale imodzi. Tinkapatsana moni pamaliro basi.

Tinagwetsa yonse masiku anayi. Ndipo mudziwe chinthu chopusa: mkuyu ndi katope sizitulutsa makala abwino. Amakhala opepuka, othetheka, osachedwa kutha pambaula. Woyendetsa lole anatenga ulendo umodzi, ulendo wachiwiri anawakana. Zipika zina zinangowolera pomwepo.

Sindikunena kuti ine ndekha ndinaumitsa mitsinje yonse ya boma lino. Mvula nayo inasintha, anthu anachuluka, ena amapatutsa madzi kumtunda. Koma za Pakasupe musafunse wina. Chaka choyamba madzi anachita matope. Kenako anayamba kuleka mu Okutobala. Kenako mu Ogasiti. Kenako ankangoyenda mvula ikagwa, masiku awiri, ofiira ngati thobwa, nkutha. Esitere anayamba kukatunga kutali, ulendo wa maola, msana ukuwawa. Sanandinene ngakhale tsiku limodzi. Ankangoti akafika, nkutula ndowa patsogolo panga mwamphamvu pang'ono, madzi nkutayikira pamapazi anga. Anachita zimenezo mpaka mjigo unabwera, iye atakalamba kale.

Ukalamba ndi sopo wabwino, ana inu. Makina anawonongeka, ndinabwerera kukhasu, imvi zinamera, kutchalitchi anandisankha kukhala mkulu wampingo. Amene ankadziwa anamwalira mmodzimmodzi, Aroni nayenso anapita. Malo anadulidwa maploti, kunabwera anthu ogwira ntchito ku Lusaka, onyamuka kusanache nkubwera kutada, amene amandiona ngati nkhalamba yaulemu yokhala pakhonde. Palibe ankandifunsa, ine osanena.

Aroni anasiya mwana wamwamuna, Lameki. Munda analibe wokwanira, choncho ankagwira maganyu m'maploti. Munthu akagula malo, ankamuitana kuti azule zitsa asanayambe kumanga. Lameki ankazula, nkuzisanja, nkuwotcha kauvuni kakang'ono, makalawo nkukhala ake. Ndi mmene ankadyetsera mkazi wake ndi ana, ndi kulipirira mwana wake wamkulu, Beti, kusekondale.

Anthu a filimu anabwera chilimwe cha dzana, dzuwa lili phwee. Anali mtsikana wa ku Lusaka ndi amuna awiri onyamula kamera. Anafunsa kutchalitchi ngati kuli munthu wachikulire wokumbukira mmene dziko linalili, ndipo onse analoza kwa ine. Ndinakondwa. Ndinasita jekete, ndinapesa imvi. Ananditengera Pakasupe pagalimoto, nandiimika pamchenga, nandipanikiza kachinthu kakang'ono kotolera mawu pakolala.

Ndinayankhula bwino, munamva nokha. Za nkhanu, za bowa, za madzi owawitsa mano. Misozi imene munaona ija sinali yopeka. Ndinali ndisanapondepo pamalopo zaka zambiri, ndipo nditaona mwala uja uli gwa padzuwa, inangotsika yokha. Mtsikana uja anadikira ndipukute m'maso, kenako anafunsa mofatsa:

"Manje ba Phiri, ni bandani banachita ivi?"

Kamera inali pamphuno panga. Kumbuyo kwake kunaima azimayi akumpingo amene anatitsatira, ndi ana asukulu. Yankho linali pakamwa, lalifupi, mawu awiri okha. Koma ndinaganiza za jekete, za mpando wanga wakutsogolo kutchalitchi, za inu. Tsidya lina, paploti ina, kautsi koyera kankakwera. Ndinatukula dzanja ndi kuloza.

"Ndi awo," ndinatero. "Anyamata amasiku ano. Alibe chisoni ndi mitengo."

Ndinkadziwa bwinobwino kuti utsi umenewo ndi wa Lameki.

Anthu a kamera aja anapita komweko ine ndikuona. Zotsatira zake mwaziona katatu. Akungotha kuonetsa misozi yanga, pakubwera Lameki, nkhope yakuda bii ndi fumbi, fosholo m'manja, akuseka. Ankaseka chifukwa sanajambulidwepo chibadwire, koma woonera amaona munthu woseka dziko likufa. Dalitso, dzulo unati, "Uyu muntu alibe nsoni." Sindikukudzudzula, filimu inakuuza choncho, ndipo filimuyo inauzidwa ndi ine. Koma mukadzaonanso muyang'ane zitsa zili pambali pakepo. Ndi zotuwa, zakalekale, ndipo pamwamba pake ndi posalala ngati tebulo. Nkhwangwa sidula choncho, imasiya msonga. Zimenezo ndi zitsa za makina anga. Lameki ankazula zimene ine ndinasiya iye asanayambe nkuyenda komwe.

Filimu itatuluka inayenda m'mafoni. Mwini ploti uja amagwira ntchito muofesi ku Lusaka, ndipo anzake anazindikira mpanda wake ndi thanki yake, nayamba kumuseka kuti akuweta owotcha makala. Loweruka lomwelo anabwera namuthamangitsa Lameki. Eni maploti ena anamva, nawonso anati sakufuna kuonekera pa kanema. Kusukulu, Beti anayamba kutchedwa mwana wa malasha. Mvula isanagwe, banja lonse linasamukira cha ku Rufunsa. Ine ndinamva nkhaniyi pabwalo latchalitchi, anthu akundigwira chanza kuti ndinayankhula zoona. Ndinati zikomo.

Mwezi wathawu ndinalephera kupirira. Ndinauza atate anu kuti ndikupita kukapimitsa maso, koma ndinakwera minibasi pa boma kulowera kummawa. Ndinkayang'ana pawindo paliponse pamene pali matumba a makala m'mbali mwa msewu. Lameki ndinamupeza dzuwa litapendeka, atakhala pansi pa kamsasa kaudzu, matumba ataimikidwa pamzere. Waonda. Atandiona anadzuka, anavula chipewa, anandipatsa chitini chokhalira, natuma mkazi wake kuti abweretse madzi. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Ndinayamba mozungulira, za mvula, za ulendo. Kenako ndinati, "Lameki, mwana wanga, mitengo ya Pakasupe ndinadula ndine."

"Niziba, ba Phiri," anatero. "Batate bananiuza nikali mwana."

"Nanga bwanji sunawauze anthu a kamera aja?"

"Sibananifunse. Imwe banakufunsani. Ine bananiuza chabe kuti nifukule na mphamvu, fumbi ioneke bwino."

Lole yaikulu inadutsa, kamsasa kanagwedezeka. Ndinati ndabwera kudzapepesa, andikhululukire.

"Kukhululuka sikuvuta," anatero, akupukusa chipewa m'manja. "Nakhululuka. Koma onani kuseri uko."

Ndinatembenuka. Kuseri kwa nyumba zawo kunali phiri, mitondo ndi miombo ili njo, monga mmene kwathu kunalili ndikufika ndi nkhwangwa yopanda mpini. M'munsi mwake munali chigamba chometeka, ndi mauvuni awiri akufuka.

"Ku maploti nenze kushoka visiki vakufa," anatero, kunena zitsa zouma zimene ankawotcha zija. "Kuno kulibe maploti. Nijuba yamoyo."

Ndinafunsa za Beti. Anati analeka sukulu, sekondale ili kutali, ndipo iye mwini sakufunanso kumva za kalasi. Anali pomwepo, akusoka kukamwa kwa thumba ndi luzi. Anandipatsa moni atagwada, koma sanandiyang'ane. Ndinapempha kuti abwere azikhala kwathu, chipinda cha azakhali anu chili chopanda munthu, amalize maphunziro. Lameki anati akambirana ndi amayi ake. Mpaka lero yankho silinabwere, ndipo likapanda kubwera sindidzadabwa. Inu mukanapereka mwana wanu kwa ine?

Pondiperekeza kukakwera minibasi anati, "Ba Phiri, mwayenda mtunda utali kuuza muntu wamene aziba kudala." Sananene mwaukali. Anaimitsa galimoto, anauza kondakitala kuti andipatse mpando wakutsogolo chifukwa ndine wamkulu.

Ndiye Tiyamike, Lachisanu ndipita kusukulu kwanu ngati ukufunabe. Koma ndikanena zimene ndanena panozi, ndi dzina la Aroni, ndi la Lameki. Anzako akakuseka, mwina akakupatsa dzina ngati la Beti. Uganize bwino, undiyankhe mawa, ndipo ukati ayi sindikwiya. Filimuyo musaifufute. Ionereni, muonetse ndi anzanu, chifukwa mchenga uja ndi weniweni, azimayi akuoneka mmenemo atasenza zigubu za madzi aja ndi enieni, ndipo zimene akuchenjeza zikubweradi. Koma mukamaonera mafilimu otere, munthu akamaloza mnzake, muzifunsa kuti nanga wolozayo anali kuti mitengo ikugwa.

Chatsala chimodzi, ndipo ichi ndi chimene chimandisowetsa mtendere. Onani dzanja langali. Chala chapakati chodukachi ndakhala ndikukuuzani kuti chinadyedwa ndi ng'ona pa Luangwa, nonse munakula mukuchigwiragwira nkumakuwa. Ng'ona sindinaiyandikirepo chibadwire. Anachidula ndi makina aja, tsiku lachiwiri Pakasupe, tcheni itadumpha pa mkuyu waukulu. Anyamata anga ataona magazi anabalalika. Amene anamva kukuwa kwanga ali kumunda kwake, nathamanga kutsetsereka phiri, anali Aroni, yemwe ndinamunyoza dzulo lake pamaso pa anthu. Anang'amba malaya ake namanga dzanjali, anandikweza panjinga, napalasa mpaka kuchipatala. Atandisiya m'manja mwa anamwino anabwerera kwawo. Ine nditamangidwa bandeji ndinatuma uthenga kwa anyamata kuti apitirize kudula.

Dzanja limene Aroni anamanga ndi malaya ake ndi lomweli ndinalozera mwana wake.